Pepala la a Inspekita

Mtengo wa kutsogolo kwa shopu yathu yochapira zovala unayamba kuphukira Lolemba. Ndinauona ndikutsekula chitseko, timasamba tanthete titatulukira kunsonga. Dzanja langa linapita lokha m'thumba kukagwira foni. Munalibe uthenga.

Chaka chilichonse chisanu chikatha, mtengo umenewu ukangophukira, akulu anga amatumiza pepala lawo. Amalemba pamanja ndi bolopeni yabuluu, kenako amalijambula n'kutumiza pafoni kwa abale ndi anzawo. Pamwamba amalemba kuti "Zimene ndakonda chaka chino." Mumakhala zinthu wamba: sopo wosasupula manja, tsache losathothoka, mafuta odzola pamilomo yong'aluka ndi chisanu, njira yoyenda m'mawa yopanda agalu. Kwathu timawatcha a Inspekita, chifukwa akalowa m'nyumba mwako chala chawo chimayamba chalonjera fumbi la pawindo, iwe pambuyo. Ine amanditcha Tsabola, ndipo sindikana.

Pepala limeneli ndakhala ndikuliseka kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo zaka zonsezo ndakhala ndikugula chilichonse cholembedwamo. Makasitomala akandifunsa za mankhwala a njenjete kapena sopo wa majuzi, ndimayankha mokweza mapewa ngati nzeruzo ndi zanga. Koma chaka chino ndinkadziwa kuti mwina pepala silibwera, ndipo wolakwa ndinkamudziwanso.

Pakati pa chisanu akulu anga anabwera kudzacheza kunyumba Loweruka, ine ndili kuntchito. Pobwerako ndinapeza kabati ya kukhitchini yasinthiratu. Makapu anali pamene panali mbale, mapoto atasanjidwa kuyambira wamkulu, masupuni ali chilili m'chitini. Apongozi anga aakazi anali pompo, akuomba m'manja.

"Eee, tsopano mukuoneka kuti mumakhala anthu muno," anatero apongozi.

Mawu amenewo ndi amene anandiyatsa moto. Koma apongozi sungawayankhe, ndiye ndinatembenukira amene ndikanatha kuwayankha.

"Achemwali, vuto lanu mulibe banja. N'chifukwa chake mumatanganidwa ndi masupuni a eni."

Akulu anga amenewa ndi amene anandilera mayi atamwalira, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwamuna amene ankafuna kuwakwatira anawauza kuti asankhe, iye kapena kamwanako. Anasankha kamwanako, kamene tsopano kanali kataima pakhitchini manja ali m'chiuno. Anamaliza tiyi wawo, anatsuka kapu, anaiika pamalo pamene anaikonzera, n'kunyamula chikwama. Kuyambira tsiku limenelo panadutsa miyezi itatu, kuli zii.

Sabata imene mitengo ikuphukira ndi imene ntchito imativuta kwambiri. Aliyense amakumbukira tsiku limodzi kuti mabulangete akununkha ndipo majekete akufunika kusungidwa. Makina atatu onse amazungulira osapuma, mawindo amachita thukuta, mahang'ala amatha. Amake mapasa, amene amayang'anira makinawo, amalongedza zovala m'mabasiketi n'kukankhira kwa ine. Ine ntchito yanga ndi simbi, komanso kauntala abwana akachokapo.

Lachiwiri ndinayang'ana foni kasanu ndisanamalize malaya atatu. Ndinaiika m'dirowa. Ndinaitulutsanso poopa kuti m'dirowamo siimveka. Ndinaiika pashelefu pafupi ndi botolo lopopera madzi, ndipo potembenuka ndinagunda simbi ndi chala.

"Kodi iwe, foniyo ikuikira mazira?" anafunsa amake mapasa.

"Ndikuona nthawi."

"Wotchi ili pakhomapo, yaikulu ngati beseni."

Madzulo ake ndinalowa m'sitolo kukagula sopo. Ndinaima kutsogolo kwa shelefu, kunyamula uyu, kununkhiza uyo, kubwezanso. Mayi wamkulu ngati ine, wa ana awiri, kulephera kusankha sopo! Ndinatuluka chimanjamanja, ndili wokwiya ndi sitolo yonse.

Bambo a kunyumba anandipeza ndikuzungulira pabalaza, kusuntha mpando n'kuubwezanso.

"Mayi, ingowaimbirani akulu anuwo. Mutibowolera pansi."

"Ndiwaimbire ndinene chiyani?"

"Pepani. Ndi mawu aafupi, sadya ngakhale mpweya."

Ndinawauza kuti asamale za mpira wawo. Zoona zake ndinkachita mantha. Ndinkaopa kuti foni iitana mpaka kuduka, kapena ayankha mwaulemu ngati akulankhula ndi munthu wachilendo. Bola kukalipiridwa.

Lachinayi mlamu wanga, mchemwali wa bambo a kunyumba, anadutsa kushopu kudzasiya makatani. M'khwapa anali atapanira tsache latsopano lachigwiriro chofiira.

"Tsache labwino," ndinatero.

"Nambala thuu pa pepala la a Inspekita. Lija analitumiza Lolemba lija." Anandiyang'ana, kumwetulira n'kuzilala. "Kodi inu simunalandire?"

Kani pepala linatuluka tsiku lomwelo mtengo unaphukira, linafika mpaka kwa alamu, ine mng'ono wawo weniweni n'kundidumpha.

"Ndikutumizireni, mlamu. Muliwerenge ndithu, makamaka kumunsiko."

"Musavutike. Tsache ndili nalo."

"Koma mlamu…"

"Makatani mudzatenge Lolemba."

Atapita ndinatenga kapepala ka nambala kamene timamata pazovala, ndinakatembenuza. Ndinati nanenso ndilemba zanga, ndiwatumizire onse, aone kuti Tsabola ali ndi mutu wake. Ndinalemba mafuta amene ndimadzola, ndinakumbukira kuti anali pa pepala la chaka chatha. Nsapato zofewa zimene ndimaimira pantchito, za chaka cha dzana. Ngakhale kakonzedwe ka tiyi wanga, kuthira mkaka poyamba, n'kawo. Ndinafufuta mpaka kapepala kanabooka. Ndinakaponya m'bini, kenako ndinayang'ananso foni.

Loweruka kunali anthu ngati tikugawa zaulere. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ambiri anali achilendo, ndipo sanabwere ndi mabulangete. Anabwera ndi malaya. Mayi wina wovala yunifolomu ya unesi anandiyang'anitsitsa, kuseka pang'ono, n'kusiya malaya anayi a mwamuna wake. Wina anafunsa amake mapasa kuti, "Osita ndi ati?" Ataloza ine, anagwedeza mutu ngati wapeza chimene anauzidwa. Ine mutu unali ukuwawa, thukuta lili kamukamu, ndipo kusekaseka kwawoko kunkandinyansa.

Cha m'ma leveni kunalowa bambo wachikulire wa magalasi, atanyamula malaya asanu oyera pamkono. Anadzitchula kuti ndi mphunzitsi wopuma. Anayala malayawo pakauntala limodzilimodzi, osafulumira, mzere kumbuyo kwake ukukula.

"Makolalawa, mayi, ndimafuna aime bwino koma asamakande khosi."

"Bambo, kolala ndimaidziwa. Sindinayambe lero."

Bamboyo anaseka mpaka magalasi anatsetsereka. "Ndinu nomwe basi! Sindinasochere."

"Ndine ndani?"

"Nambala sikisi."

Anatulutsa foni, anaisisita ndi chala pang'onopang'ono ngati akuopa kuipweteka, n'kundipatsa. Anati analandira kuchokera kwa mayi wina amene amayenda naye m'mawa pagulu la okalamba olimbitsa thupi. Ndisanawerenge n'komwe ndinazindikira bolopeni yabuluu ija, ndi zilembo zopendekera kumanja zimene zinkasaina malipoti anga akusukulu.

Nambala wani inali sopo. Thuu, tsache lofiira lija. Maso anga anathamangira kumunsi.

"6. Malaya anu kaperekeni kushopu yochapira ya pakona, imene kutsogolo kwake kuli mtengo. Mukafunse mayi wamfupi wa nkhope yokwiya. Kolala amaisita bwino kuposa ine amene ndinamuphunzitsa. Akakulankhulani zobaya musazisunge, sizichokera mumtima. Ndi mng'ono wanga."

Ndinawerenga kawiri. Kachitatu zilembo zinayamba kusambira. Ndinakumbukira patebulo la m'nyumba yathu yakale, ine nditakwera pampando kuti ndifikire, dzanja lawo lili pamwamba pa langa pa simbi: yamba kunsonga, pita pakati, usakankhe nsalu.

"Mayi, mwakhumudwa?" anafunsa aphunzitsiwo. "Za nkhopezo musadandaule, siyokwiya kwambiri."

Ndinawabwezera foni, ndinawapatsa kapepala ka nambala, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinawathokoza. Amake mapasa anandiyang'ana kamodzi, anapukuta manja pa epuloni n'kubwera kudzaima pakauntala osafunsa kanthu. Ndinazimitsa simbi, ndinatenga foni yanga pashelefu n'kutuluka.

Pansi pa mtengo paja masamba anali atakula kale, mthunzi wake ukuyamba kugwira. Ndinaimba msangamsanga ndisanasinthe maganizo. Inaitana kamodzi, kawiri, katatu. Ndinkaponda uku ndi uku ngati pansi pakutentha.

"Tsabola."

Mawu onse amene ndinakonza kwa miyezi itatu anathawa. Ngakhale pepani uja anathawa nawo.

"Achemwali," ndinatero, "masupuni aja adakali m'chitini muja. Sindinasunthe kanthu."

Ndinkamva wailesi yawo chapatali, ndi mpweya wawo ukukokedwa pang'onopang'ono. Kenako anatsokomola.

"Nanga chitinicho umachitsuka pansi pake?"

"Ayi."

"Ndinadziwa," anatero, mawu akunjenjemera. "Ndibwera mawa."

Ndinakhala pamuzu wa mtengowo, epuloni ili kumaso, n'kulira mokweza ngati kamwana ka zaka zisanu ndi zinayi, anthu a malaya awo akundidutsa kulowa m'shopu.