Mgolo wa Makala pa Galaja ya a Foster

Linily, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Ntcheu, ankagula mpiru kudimba kwa mayi Nesta, kumunsi kwa Mzimba Boma. Tsiku lina anatsatira kangalande kolowa m'dimbamo, ndipo kanamufikitsa pa galaja ya a Foster, pomwe ankaswa mabatire akale n'kumatsukira pomwepo. Mtima unamupweteka. Madziwo ankanyamula mtovu, poizoni wowononga ubongo wa ana.

Holide yonse Linily anaithera mu utsi. Anawotcha zitsononkho mumgolo wotseka, n'kuviika makalawo m'madzi a mandimu, n'kuwawotchanso kuti achite timabowo tokola mtovu. Kenako anawathira mumgolo wina pamodzi ndi mchenga, nauika pakamwa pa ngalande ija. Mnzake wa ku labotale ku Mzuzu atayeza madzi osefedwawo, anati mtovu wachepa kwambiri.

"Yewo chomene, madamu," anathokoza a Foster m'Chitumbuka.

Linily atabweranso kudzasintha makalawo, anapeza mgolo uli gada, madzi akuda akutsetsereka ngati kale. Pakhomo pa galaja mbaula inali lawilawi, a Foster akuwotchera makasitomala awo nyama ya mbuzi.

"Makala anga ali kuti, bambo?"

"Ndi awa. Ndinawayanika, mbwenu akuyaka bwino chomene. Makala ndi makala, madamu."

Linily anakuwa: "Makala amenewa amwa mtovu wa mabatire anu! Simunakhutire kuthirira ana a eni poizoni kudimba, lero mukuwadyetsanso anthu pamoto?"

Anaikankha mbaulayo ndi phazi, nyama n'kugwera m'fumbi. Kasitomala wina analavula nthuli yomwe inali m'kamwa.

"Mwabwera kudzatilamula kwathu kuno?" anakalipa a Foster.

Linily anatsikira kudimba n'kuwauza mayi Nesta zonse. Pasanapite nthawi amayi a m'madimba anakwera ndi makasu, nakwirira ngalandeyo mpaka madzi anabwerera kukadzaza m'galaja. Mawa lake anaperekezana ndi Linily ku ofesi ya zachilengedwe, ndipo galajayo inatsekedwa kufikira sefa itabwezeretsedwa.

A Foster anafika kusukulu chipewa chili m'manja. "Ndapota, madamu, ndipangireni ena."

"Zitsononkho mukatole nokha, utsi mukaumwe nokha. Ine ndidzangoimirira n'kumakuuzani chochita."

Anawotchadi, akutsokomola, ophunzira a Linily akuonerera. Atamaliza, a Foster anamutambasulira dzanja kuti agwirane chanza, koma Linily anapitiriza kupukuta choko m'zala zake.