Ndolo za Nyanga za Bambo Ngozo

Azakhali a Georgina anafika ku Matundo Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, kutatsala sumana zitatu, masabata atatu okha, kuti chiliza cha mlongo wawo chimangidwe. Anatsika kuchokera ku Domwe pa shapa, minibasi ya mwana wawo Vasco, atavala juzi ya kumapiri, ndipo pofika pakhonde pa Leopoldina anali atanyowa ngati angobatizidwa kumene mu Zambezi. Atamwa madzi sanafunse za ntchito kapena za matenda. Anagwira Leopoldina chibwano, n'kumutembenuza nkhope uku ndi uku, kuyang'ana makutu.

Leopoldina anali telala, mwana mmodzi yekha wa malemu Bambo Ngozo, mlongo wa azakhaliwo. Bambo akewo anali Mngoni wa makutu oboola, ndipo m'mabowomo munkakhala ndolo ziwiri za nyanga ya ng'ombe, zonenepa ngati chala chakaniso, zosalala ndi zaka. Analiza belu la mpingo wa ku Domwe zaka makumi atatu ndolozo zili m'makutu. Amene ankanyinyirika poyamba anatopa okha, chifukwa munthuyo sanachedwepo ndi belu ngakhale tsiku la mvula. Atamwalira, azakhali anagamula kuti chovala cha m'khutu sichisungidwa m'sutikesi. Wamagazi ake adzachivale tsiku la chiliza, apo ayi chidzalowa m'simenti, chikagone ndi mwini wake.

Leopoldina anati wodzavala ndi iye. Nthawi imeneyo anali ndi timabowo tating'ono taubwana, tolowa singano yokha. Choncho anawoloka mlatho kupita kudera la Francisco Manyanga, ku salau yokonzera tsitsi ya Dona Isménia, mayi wosaseka msanga amene ankadziwa ntchito ya makutu. Dona Isménia anamuuza poyera kuti khutu si lamba wa njinga. Bowo limakula pang'onopang'ono, sitepe imodzi osapyola milimetro imodzi, kenako n'kudikira sumana zisanu ndi imodzi, ndipo likamakula n'kudikira miyezi iwiri. Anamupatsa tindolo tagalasi tosalala, namulangiza kusamba m'manja ndi sopo asanakhudze, kutsuka fumbi la malasha tsiku lililonse, ndi kutikita khutu ndi kadontho ka mafuta likachira. Ndolo yatsopano izilowa yokha khutu litafewa ndi madzi ofunda. Ikapweteka, kapena magazi akaoneka, ndiye kuti khutu lakana, ndipo khutu likakana munthu amabwerera m'mbuyo. Za nyanga ndi za mtengo anati n'za bowo lochira bwinobwino, osati lotupa.

Leopoldina anamvera miyezi isanu ndi iwiri, kenako mdyerekezi wa changu anamupeza. Anawerenga masabata pakalendala ya mpingo, anaona kuti sakwana, ndipo anadumpha sitepe imodzi. Anakankha galasi mano ali gwa. M'mawa mwake khutu lamanzere linali litatupa, lotentha, likukha madzi, ndipo kumbuyo kwake kunatuluka kamnofu ngati mlomo wa thumba. Dona Isménia sanamukalipire. Anangochotsa galasilo, n'kumubweza masitepe awiri, n'kumuuza kuti likanunkha kapena thupi likatentha apite kuchipatala tsiku lomwelo. Linachira, Mulungu ndi wachifundo, koma miyezi iwiri inapita. Lamulungu katatu anaimba m'kwaya atamanga duku mpaka m'masaya, ndipo ananena mumtima kuti sadzachitanso.

Tsopano anali pa oito, mamilimetro asanu ndi atatu. Ndolo za bambo zinali za dezi, mamilimetro khumi.

Vasco, atatsamira chitseko cha shapa, anayamba zachisuweni. Anati chaka ndi theka chonsecho mkazi wake wachisuweniyo wangokumba una wa nyerere, ndipo iye akanamubwereka sipanala ntchito ikanatha asanamwe tiyi. Leopoldina anamuyankha kuti mwamuna wolephera kutseka bowo la tayala lake asamaphunzitse anthu za mabowo. Azakhali sanaseke. Anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa kachitini kakale ka fodya ka mlongo wawo, n'kukakhuthulira pa tebulo la makina. Ndolo ziwiri zija zinagudubuka, pamodzi ndi tizinyalala takuda timene azakhali anakankhira pansi ndi dzanja. Kenako anatuma Vasco kukatenga mafuta ophikira kukhitchini.

"Khala pansi, Nangozo," anatero azakhali. "Katsala kang'onong'ono aka. Ndigwira khutu, iwe uluma nsalu. Mngoni saopa magazi."

Leopoldina anayang'ana ndolozo. Anazidziwa kuyambira ali pamiyendo pa bambo ake, pamene ankazigwiragwira iwo akuimba nyimbo ya madzulo ndi mawu awo aakulu aja. Mtima unamuuza kuti mwina zilowa, mwina kupweteka kwa sabata imodzi si kanthu poyerekeza ndi simenti. Koma khutu lamanzere linali ndi kachipsera kake, ndipo iye monga telala ankadziwa zimene batani lalikulu limachita pa bowo laling'ono. Nsalu ikang'ambika pamenepo, ngakhale usoke bwanji, silikhalanso bowo.

"Ayi, azakhali. Sizilowa lero, ndipo sizilowa pa chiliza."

Azakhali anayankhula nthawi yaitali. Anati mlongo wawo anabooledwa ndi munga, ali mnyamata wakubusa, osalira, osapita ku salau. Anati ana a mumzinda akufuna Chingoni chopanda ululu, ngati munthu wofuna korona osanyamula mtanda. Anakumbutsanso kuti mawu anaperekedwa pamaso pa abale onse, amisiri auzidwa kale, ndipo iwo sadzaimirira pamanda ngati mayi wonama. Leopoldina anamvetsera mutu uli pansi, monga analeredwa, koma sanakhale pa mpando umene anamuikira. Ananena kuti Amene anaumba khutu anamupatsa awiri okha, ndipo sakawang'amba pofuna kusangalatsa tsiku limene anthu anasankha okha. Anati bambo ake akanasankha kuona mwana wawo ali ndi makutu athunthu kusiyana ndi nsanza ziwiri zolendewera.

Apo azakhali anatola ndolo zija kuti abweze m'chitini. Leopoldina anamva ngati belu lagwa mumtima mwake. Poti maso ake anali kale pansi, anaona tizinyalala tija pafupi ndi phazi la makina, ndipo anagwada n'kuyamba kutola.

Sitinali tizinyalala. Tinali tizidutswa todulidwa bwino ndi mpeni, tofanana msinkhu, takuda ndi mafuta akale. Anatindandalika pa tebulo. Koyamba kanali ka udzu, koonda ngati singano ya thumba. Kachiwiri kanali konenepako pang'ono, kenako timabango, kena kuposa kanzake, mpaka tisanu ndi tinayi. Palibe kamene kanadumpha kanzake. Leopoldina anavula galasi la khutu lamanja, naliika pambali pa mzerewo, ndipo linafanana ndi kachisanu ndi chitatu.

"Munga unali tsiku limodzi, azakhali. Nanga izi anatha masiku angati?"

Vasco, botolo la mafuta lili m'manja, anatsegula pakamwa, koma mayi ake anamuyang'ana ndipo anatseka. Azakhali anatenga kabango kamodzi, n'kukanunkhiza. Shapa ina inadutsa pamsewu ikuitana anthu a ku Moatize. Atayankhula, mawu awo anali ena. Anati ndi mafuta a nsatsi amenewo. Anati iwo, ali kamtsikana, ndi amene ankaba mafutawo m'nsupa ya amayi awo, chifukwa mlongo wawo ankadzola khutu m'mawa uliwonse asanatulutse ng'ombe. Anyamata anzake ankamuseka kuti ndi kamba, ndipo mmodzi wa osekawo, wochangamuka uja, anakalamba ndi khutu la mphanda ngati lilime la njoka. Mlongo wawo anaona dzinja kawiri asanavale nyanga. Iwo anali ataiwala zonsezo. Ankangokumbukira munga ndi tsiku limene anavina ngoma atavala.

Koma azakhali sanali munthu wobweza mawu pa khonde la mwana. Anati lamulo ndi lamulo, ndipo m'simenti muyenera kulowa chinthu cha mwini wake. Leopoldina anabwezera galasi lake m'khutu, linalowa lokha mosavuta, ndipo anati iye adzabwera ku Domwe, adzaimba pamanda a bambo ake ali ndi magalasi akewo, ndipo wofuna kuseka adzaseke. Akaika ndolo m'simenti, iye adzapitirizabe mpaka dezi, n'kukasemetsa nyanga ina, chifukwa chimene bambo anamusiyira wachiona tsopano pa tebulopo.

Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati liuma limenelo analidziwa, linkaliza belu. Kenako anafunsa kuti miyezi yatsala ingati. Leopoldina anati inayi, khutu likalola. Likakana, isanu ndi umodzi. Azakhali anang'ung'udza kuti ndiye kuti Pasaka, ndipo pa Pasaka iwo adzatsikanso kudzaona ndi maso awo, ndipo nyengo ya ng'anjo ino asadzawapatsenso madzi ofunda.

Anasiya ndolo zija pa tebulo, natenga kachitini kaja, n'kukatseka kalibe kanthu, n'kukamanga pa mfundo ya chitenje. Anati kachitiniko nakonso n'ka mwini wake, ndipo amisiri safunsa za m'kati.

Shapa itanyamuka, Vasco akuliza hutala ndi kukuwa kuti sipanala ikadalipo, Leopoldina anasamba m'manja ndi sopo. Anakulunga ndolo za nyanga m'kansalu koyera pamodzi ndi timabango tonse, naziika m'dirowa ya makina. Kenako anadontheza mafuta pa chala, natikita khutu lamanzere pang'onopang'ono, akuimba chapansipansi nyimbo ya madzulo ija, ngakhale dzuwa linali likadali pamwamba.