Msewu Wopindidwa wa a Elifala

Moni kwa inu amene mukuwerenga, mtendere ukhale nanu. Tiyamike Mulungu amene watidzutsanso m'nyengo yozizira ino, zala zili gwa koma mtima ukugundabe. Ndikuuzeni zimene analota a Elifala Mbendera a ku Dedza.

A Elifala analowa mpikisano wa njinga wa m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Munthu amapalasa m'mawa, foni n'kumawerenga mtunda, ndipo madzulo mayina amatuluka pagulu la pafoni, wopalasa kwambiri pamwamba. Anakokeramo mnzawo wa m'kwaya, a Lufeyo, amene adokotala anawauza kuti shuga wawoyo mankhwala ake ena ndi thukuta. Koma a Lufeyo sankadzuka okha. Ankadikira belu la a Elifala pageti. Likapanda kulira, ankangotembenukira kukhoma.

Tsono Lachinayi lina, atabweza a Lufeyo kwawo, a Elifala anapitirira okha mpaka ku Bembeke n'kubwerako, foni ataimangirira pahandulo. Chisanu chinadya batire, foni inazima, ulendo wonse osalembedwa. Madzulo dzina lawo linali pansi penipeni. Anauza akazi awo kuti, "Mawa musandidzutse. Zanjingazi zatha."

Analota njinga yawo italowa kuchipinda, itavala juzi yawo yakutchalitchi.

"Bambo Mbendera," inatero mwaulemu, "akukuitanani."

Anakwera. Chitseko cha wadiropu chinatsegukira pamsewu waukulu, ndipo kunja kunali kutayera. Amayi ogulitsa kachewere anali kudula chifunga ndi mipeni n'kumachiunjika m'mabeseni. Phiri la Dedza linali litagwada, likupemphera, choncho anadutsa mwakachetechete. M'thumba la malaya foni inkatsokomola.

"Mwandigoneka panja," inadandaula. "Nanenso ndimamva mphepo."

"Pepani," anatero a Elifala.

Njinga inaima pakachipinda ka akulu ampingo, kuseri kwa tchalitchi chimene anabatizidwiramo. M'katimo anapezamo malemu bambo awo, amene adali mlaliki woyendera mipingo ya m'mapiri pa njinga yopanda magiya. Miyendo ya buluku lawo inali idakali yopisidwa m'masokosi. Anali kusanja misewu. Msewu uliwonse unali wopindidwa ngati mphasa, womangidwa ndi luzi, ndipo mulu wake unafika kudenga.

"Mwana wanga, wadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, bambo. Kaya inu?"

"Ife kuno sitigona. Awa ndi maulendo amene palibe anawawerenga. Amabwera kuno." Anakoka umodzi pamwamba. "Uwu wafika dzulo. Ngwako?"

"Foni sinaulembe, bambo."

"Sindinafunse za foni."

A Elifala anaugwira. Unali wonyowa, ukununkha juzi yawo. Anaona chitunda chija anatsala pang'ono kutsikapo, ndi mbuzi ija inawadutsa kutsogolo, ikutafunabe.

"Ngwanga," anavomera. "Kodi mungauonjezere padzina langa?"

"Kuno kulibe mayina apamwamba kapena apansi. Komanso sitingausunge, ukudontha. Unyamule, ukauyale pamene msewu wafupika."

Anathandizana kuumanga pakaliyala ndi malegeni. Unali wolemera ngati thumba la chimanga chosauma. Bambo awo anapapasa tayala lakumbuyo, n'kugwedeza mutu monga ankachitira kale.

"Mpweya wachepa. Pita."

Anapalasa kulowera kwa a Lufeyo. Anadutsa chigayo, mjigo, ndi mkungudza wina wopendekeka. Pamenepo msewu unathera m'malere. Kutsogolo kunali mtsinje wa chifunga, ukuyenda phee, wopanda tsidya lopondapo. Kutali uko geti la a Lufeyo linkayandama lokha, ndipo eni ake anaima kuseri kwake, bulangete kumutu, dzanja limodzi pachishalo cha njinga. Geti linkasendera kutali pang'onopang'ono.

"Achimwene!" anakuwa a Lufeyo. "Mwachedwatu! Shuga wanga wadzuka kalekale, wasamba, wavala nsapato. Akuti mukapanda kubwera andiperekeza ndi iyeyo."

"Ndili pansi pa mayina onse, a Lufeyo. Ngakhale inu mwandipitirira."

"Ndiye mwakwiya? Ine ndakhala pansipo mwezi wathunthu. Ndakufunditsirani malo."

A Elifala anamasula luzi n'kukankha msewu uja ndi phazi. Unafunyululuka pamwamba pa chifunga, ndi chitunda chake, ndi mbuzi yake, mpaka nsonga yake inakagunda pageti, osapitirira, osaperewera. Anapalasapo. Unali wolimba.

Atafika, a Lufeyo sanatsegule. Maso awo anali atatsinzina, ndipo chifunga chinali chitawafika m'chiuno.

"Sindituluka popanda belu," anatero. "Mukudziwa."

A Elifala anakankha belu ndi chala. Silinalire. Anakankhanso. Chifunga chinafika pachifuwa cha a Lufeyo.

"Bambo Mbendera," linatero belu, "musandithyole. Kuno ndimangolankhula. Kulira ndimalira kunja."

"Kunja kuti?"

"Kumene kukuzizira."

A Elifala anatsegula maso. Mphuno inali zii, mawindo ali mbuu ndi mame. Akazi awo anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akumanga duku.

"Sindinakudzutseni," anatero mayiwo. "Mboni ndi Mulungu."

A Elifala anadzuka. Anavula sokosi imodzi yofunda, analowetsamo foni, n'kuipisa m'kati mwa juzi pafupi ndi mtima. Pakhonde anapapasa tayala lakumbuyo. Mpweya unalidi wochepa. Anapopa, mano akugundana, n'kutuluka.

Pamkungudza wopendekeka anachepetsa liwiro n'kuyang'ana pansi. Msewu unalipo wonse mpaka pageti la a Lufeyo. Belu linalira kawiri, ndipo m'nyumbamo munamveka munthu akupunthwa pa ndowa.

"Ndikubwera, inu apansi penipeni! Musandisiye!"

Atafika kumjigo m'pamene a Elifala anakumbukira kuti sanadine foni kuti iyambe kuwerenga. Anaima, anaitulutsa m'sokosi, anadina, n'kuthamangira a Lufeyo amene anali atawapitirira kale, mpweya ukufuka m'kamwa ngati ketulo.

Inunso, wokondedwa, Ambuye akufunditseni m'mamawa wozizira, alimbitse maondo anu pachitunda, asunge maulendo anu amene sanalembedwe paliponse. Ndipo tsiku limene bulangete lidzakulemereni, akutumizireni munthu wa belu pageti. Ameni.