Mtondo wa ku Bama

Tsiku lomwe anyamata a ku Likoswe ankakwera lole ya asilikali a Keyala kupita kunkhondo, Esnart sanalire. Anangogwira mlongo wake Silvesta pamkono, khanda lili kumbuyo.

"Achimwene, alamu anuwa mukuwadziwa, sayang'ana popondapo. Mukabwere nawo."

"Ndiye ndizikawabereka?" anaseka Silvesta.

"Ngakhale kuwabereka kumene."

Benedicto, mwamuna wa Esnart, anali atakwera kale, akutafuna nzimbe ngati akupita kumsika.

Anayenda pa lole, pa sitima yapamtunda, pa ina yapamadzi yomwe inawasanzitsa onse, mpaka ku Bama, dziko la mvula ndi misundu, komwe nkhondo ya Ajapani inali italusa. Mawu a Esnart sanapite padera. Tsiku lina akuwoloka mtsinje mfuti zikulira, Benedicto anasowa. Wina anati anamuona akukwawira kunsungwi, mwendo uli magazi okhaokha. Tsidya limenelo linali la adani, kunalibe wopondako.

Ajapani atathawa, gulu la Silvesta linatumidwa kukayendera midzi yomwe adaniwo ankakhalamo. Woyamba unali phulusa lokhalokha. Wachiwiri, pafupi ndi mtsinje uja, nyumba zake zinali chiimire pamitengo ngati nkhokwe, koma munali zii. Mbiri inali itawanda kuti asilikali akuda amadya anthu.

Silvesta anakhudza mafuwa, anali ofunda. Pamatope panali tiphazi ta mwana tolowera kunsungwi, tokhulika ngati wina ankamukoka. Eni mudzi analipo, ankawasuzumira. Ngati alamu ake anali moyo, odziwa anali iwowo. Wotanthauzira wa gululo anaitana mpaka mawu kusasa, osayankhidwa.

"Dzuwa likapendeka tibwerera," anatero Sajeni Yesaya, mkulu wa gululo. "Pakali pano wina aone chakudya."

Pansi pa nyumba ina panali mtondo, munsi ndi dengu la mpunga wamakoko. Kwawo mwamuna wogwira munsi amasekedwa mpaka kuchitsime, ndipo Silvesta anali asanaugwirepo. Koma njala ilibe manyazi. Anaika chitini cha nyama padengupo kuti asakhale wakuba, nathira mpunga mumtondo. Atangotsitsa munsi, mpunga unathawira kunja ngati ngumbi.

"Amayi Silvesta, munakwatiwa kwa yani?" anafunsa Chester, mnzake wa ku Mbombwe. "Chinkhoswe chake sitinadye nawo."

"Iwe tatenga lichero, mbanja muno ndiwe wamng'ono."

Chester anamanga shati m'chiuno, nayamba kupeta akudandaula za apongozi ndi kamawu kang'ono. Nkhuku zinabwera zokha kudzatola.

Pakati pa phwete lonselo, Silvesta anamva wina akutsonya kunsungwi. Kutsonya kumeneko ankakudziwa, ndi momwe amayi ake ankachitira iye akataya ufa. Sanacheuke. Anathira mpunga wina, nakweza munsi, naumenyetsa dala m'mbali mwa mtondo. Mpunga unamwazika bwalo lonse. Anabwerezanso.

Nsungwi zinagwedezeka. Munatuluka mayi wamfupi, ndudu yaikulu ili pakamwa, mwana ali pambali. Ankabwera akulalata. Anadutsa pakati pa mfuti, nakhazika mwanayo pansi, nalanda munsi, namukankha Silvesta ndi chigongono. Anasinja akulalata m'chiyankhulo chake, ndipo panalibe wofuna womasulira. Posakhalitsa mayi wina anadzalanda lichero kwa Chester. Kenako ana, kenako nkhalamba, ena akuseka chogwira pakamwa.

Silvesta anadikira mpaka munsi utaima. Analoza khungu lake, naloza chipewa chake, natsimphina atagwira mwendo. Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso chitini cha padengu chija. Kenako ananyamula mwana wake, nayamba kuyenda.

Kuseri kwa minda ya mpunga kunali kachisakasa. Benedicto anali gone mmenemo, atawonda ngati bango, mwendo utamangidwa ndi nsungwi ndi masamba, m'chiuno muli nsalu yamaluwamaluwa.

"Alamu, mwachedwa," anatero.

Silvesta anayang'ana nsalu ija. Anakhosomola kaye. "Nanga chimene mwavalacho?"

"Inu nanga mankhusu ali m'mutuwo?"

Machira anali kutali, dzuwa linali litapendeka. Silvesta anawerama, mayi uja anamukweza Benedicto kumsana, namumanga ndi nsalu mfundo yake pachifuwa, ngati khanda. Analowa m'mudzi choncho, asilikali akuimba, ana a ku Bama akuthamangira pambuyo.

Nkhondo itatha anafika ku Likoswe masana, Benedicto akutsimphina ndi ndodo. Esnart anali pamtondo. Anasiya kusinja, nayang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akuwerenga ziwalo. Khanda lija, tsopano loyenda lokha, linabisala kuseri kwake. Apo mpamene Esnart analira, nthungululu zili ponseponse.

Nkhani ya mtondo Chester anali ataifikitsa kale m'mudzi. Esnart atapukuta misozi anatola munsi, naupereka kwa mlongo wake ndi manja awiri.

"Achimwene, akuti kunkhondo munaphunzira ntchito. Tatsirizani apa, ine ndikawatenthetsere madzi alamu anu."