Chodetsa cha Pakona ya Chithunzi

Alamu anga atapuma pa ntchito ku kampani ya inshulansi, tonse tinkayesa ayamba kuweta nkhuku kapena atsegula kagolosale, monga achitira amuna anzawo. Iwo anagula kamera. Osati kakamera kolowa m'thumba ayi, koma chikamera cha diso lalitali ngati mkono wa mwana, cha miyendo itatu yoimikapo, ndi chikwama chakechake chimene sichinkaloledwa kukhudza pansi. Ndipo chojambula chawo chinali chimodzi chokha: sitima.

Ine ntchito yanga ndi ya zithunzi yomweyo. Ndimagwira pa situdiyo ina m'tawuni, potsuka zithunzi za maukwati ndi za pa mapasipoti, kotero ojambula ndawaona amitundumitundu. Alipo ojambula ana awo, alipo ojambula zibwenzi, ena amajambula ngakhale mbale ya chakudya asanadye. Koma munthu wotha kupsa ndi dzuwa tsiku lathunthu kudikira chitsulo chimene sichingamumwetulire n'komwe, ndinayamba kumuonera pa alamu.

Kukwera sitimayo sankakwera. Nditawafunsa chifukwa chake, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Mlamu, ukakwera sitima sungaione," anatero.

Anali ndi anzawo awiri a matenda omwewo. Wina tinkawatcha a Mano chifukwa kale ankazula anthu mano, ndipo mpaka pano akamalankhula nawe amayang'ana m'kamwa. Winayo anali a Chipewa, amene ankavala chipewa cha ogwira ntchito ku njanji chogula pa kaunjika, chikhalirecho ku njanji sanagwireko ngakhale ganyu. Atatuwa ankadzitcha bungwe. Loweruka lililonse ankakhala pabalaza pa achemwali anga, kumamwa tiyi wa achemwali, kumakangana za kulira kwa mahutala a sitima, wina kumayeseza ndi pakamwa, anzake kumatsutsa kuti walakwitsa. Amuna a imvi.

Achemwali amasoka makatani pakhonde la kuseri, ndipo si munthu wa mawu ambiri. Anzawo akawaseka kuti amuna awo awatengera mkazi wachiwiri wa magudumu, iwo ankangoti, "Bola ameneyo sabereka."

Chaka chatha achemwali anawapeza ndi chotupa m'mimba, ndipo anawachita opaleshoni. Inayenda bwino. Tsiku lowatulutsa m'chipatala ndinapempha abwana anga kuti ndiweruke msanga. Namwino anatiuza momveka kuti wodwala apite kunyumba akagone, asagwedezeke, ndipo mankhwala amene wamwawo amachititsa nseru. Alamu ankagwedeza mutu, maso ali pa wotchi.

Titafika pa galimoto ndinapeza mpando wakutsogolo muli chikwama cha kamera, atachimanga lamba bwinobwino. Achemwali ndi ine tinakhala kumbuyo, miyendo itatu ija itatipingasa pamaondo.

Kuchoka kuchipatala kupita kwawo, msewu ndi wa tala wokhawokha. Koma titadutsa pamalo omwetsera mafuta, alamu anakhotera kumanzere, mumsewu wafumbi wa zigwembe.

"Alamu, njira si iyi."

"Ndi yachidule, mlamu."

"Yachidule yopita kuti?"

Galimoto inalowa m'dzenje, achemwali anagwira pabala n'kuluma mlomo. Patsogolo ndinaona mphambano ya msewu ndi njanji, ndipo pambali pake panali pataima anthu awiri, wina atavala chipewa.

Apa m'pamene alamu anaulula. Panali mutu wina wa sitima wakale, wobiriwira, umene a bungwe ankautcha Dona. Tsiku limenelo Dona ankadutsa komaliza, kupita kukaphwasulidwa. Pamitu yonse ya mtundu umenewo anatsala yekha.

"Sitichedwa, mayi," anauza achemwali. "Inu muli moyo, mwachira, tikuthokoza. Koma uyu akupita osabweranso."

Anaimika galimoto pafupi ndi chikwangwani chochenjeza za sitima, chifukwa mthunzi wokhawo umene unalipo unali wa chikwangwanicho, wopyapyala ngati lamba. Anasolola miyendo itatu ija pamaondo pathu n'kuthamangira kwa anzawo, kutsidya kwa njanji, pa kachitunda.

A Mano ndi a Chipewa sanabwere n'kudzazonda komwe. A Chipewa anangokweza dzanja chapatali. Kenako mkangano unabuka wa poima. A Mano ankati iwo ndiwo anafika koyamba, pamwamba pa chitunda m'pawo. Alamu ankati malowo anawatulukira ndi iwo chaka chapitacho. Ndinaona munthu amene anakhalapo mkulu wa ofesi akukankhana mapewa ndi munthu amene anaphunzira za mankhwala, kulimbirana mulu wa dothi wa chiswe.

Dzuwa linatentha. M'galimoto munasanduka uvuni. Ndinatsegula zitseko zonse n'kumawakupiza achemwali ndi envulopu ya kuchipatala. Ndinakuwa kuti andipatse makiyi, ndipemphe aliyense wodutsa atiyendetse. Alamu anandibayibitsa, kenako anaika chala pakamwa, ngati phokoso langa lingathawitse sitima.

"Asiye," anatero achemwali. "Ukalimbana nawo tichedwa kwambiri."

Patapita nthawi, nseru ija inafika. Achemwali anati sangasanzire m'galimoto. Ndinawatsitsa pang'onopang'ono, iwo n'kukoleka dzanja pa mtengo wa chikwangwani, atawerama, dzanja lina lili pabala. Nthawi yomweyo njanji inayamba kunjenjemera ndipo hutala inalira.

Dona amene ankamunenayo ndinamuona. Chinali chimutu chadzimbiri, utoto utasupuka ngati chipere, chikufuka utsi wakuda, chikukoka mabogi ochepa opanda kanthu. Chinadutsa chikutsokomola n'kupita. Fumbi lake linatsala likutigwera ife.

Alamu anabwera akuthamanga, kamera ataikumbatira pachifuwa, maso ali ndi misozi.

"Mwamuona, mayi? Mwamuona mmene anatulukira pokhota paja?"

Achemwali ankapukuta pakamwa ndi mpango. Anawayang'ana amuna awo kanthawi, n'kunena kuti, "Tiyeni kunyumba."

Titafika ndinapeza nsalu ya pabala itanyowa magazi pang'ono. Ndinakaitana namwino wina woyandikana nawo nyumba, amene anati ulusi umodzi wamasuka koma si zoopsa. Alamu anamva zimenezo ali pakhomo la chipinda, n'kunena kuti, "Mwaona, si zoopsa," ndipo anabwerera ku kompyuta yawo.

Sabata yotsatira anatulukira ku situdiyo kwathu. Ankafuna chithunzi chachikulu, cha m'felemu ya galasi, choti chikakhale pabalaza. Ndinachitsegula pa kompyuta. Ndinene zoona, chinali chithunzi chabwino. Chimutu chija chinkaoneka ngati chinthu cholemekezeka, utsi utapindika kumwamba, kuwala kutagwera pambali pake. Koma pakona ya kumanja, m'munsi, panali chikwangwani, ndi mayi atachigwira, atawerama. Ine ndi galimoto sitinkaoneka, tinatsala kunja kwa chithunzi.

Alamu analoza ndi chala, osakhudza galasi.

"Kachodetsa aka, mlamu. Kachotseni."

"Kati?"

"Aka ka pakonaka. Kakusokoneza maso."

"Alamu, amenewo ndi akazi anu."

"Ndikudziwa. Koma pachithunzi cha sitima sakuyenerapo. Komanso iwowo sangakonde kuoneka akusanza. Ndikuwachitira ulemu."

Ndinaimirira pampando n'kuwauza kuti dzanja langa silichita zimenezo. Abwana anga anamva. Iwo ndi munthu woti kasitomala akati mkazi wake amuchepetse mimba kapena apongozi awachotse pa chithunzi cha ukwati, amangofunsa kuti felemu ikhale ya mtundu wanji. Anakhala pampando wanga n'kuyamba kufufuta. Koma dzanja la achemwali linali litazungulira mtengo wa chikwangwani, ndipo kuchotsa munthu n'kusiya mtengo inali ntchito yofuna kufatsa. Abwana analibe nthawi imeneyo. Anafufuta zonse, munthu ndi chikwangwani chomwe, n'kudzalapo udzu.

Alamu anasangalala mpaka kuwagwira abwana chanza ndi manja awiri.

Achemwali sindinawauze. Ndinkaopa kuti mtima ukawawa bala lichedwa kupola.

Loweruka alamu anaitanitsa bungwe kuti lidzaone chithunzi. Anachipachika pakhoma n'kuchiphimba ndi nsalu yotsala ya makatani. Achemwali anali atagona pa sofa, pilo ali pamimba, ndipo tiyi ndinkathira ndine. Alamu analankhula mawu otsegulira, aatali ndithu, okhudza mbiri ya Dona ndi mavuto amene wojambula amakumana nawo. Kenako anakoka nsalu.

A Chipewa anavula chipewa. A Mano anayandikira, manja kumbuyo, n'kuyamba kuchiyendera ndi maso kuchokera kumanzere, monga ankachitira ndi m'kamwa mwa anthu. Atafika pakona ya kumanja anaima.

"Chikwangwani chili kuti?"

"Chikwangwani chanji?" anafunsa alamu.

"Pa mphambano paja pali chikwangwani. Pa chithunzi changa chilipo. Pa cha a Chipewa chilipo. Apa pali udzu. Ndipo udzu uwu ndi umodzimodzi ndi uwu, mwangoubwereza."

Alamu anayamba kukanda m'khosi. Anati kuwala kunali kovuta. Anati mwina makina otsukira. A Mano sanasunthe.

"Chithunzi cha sitima sachigwiragwira, achimwene. Limenelo ndi lamulo loyamba la bungwe, ndipo munalipanga ndinu. Mwachotsa chikwangwani lero, tidziwa bwanji kuti utsiwu simunawonjezere?"

"Utsi ndi weniweni," anatero alamu. "Chikwangwani chinangopita nawo. Chimene ndinkachotsa ndi china."

"Chiyani?"

Alamu anayang'ana kwa ine ngati ndiwapulumutsa. Ine ndinapitiriza kutakasa shuga.

"Mayiwa anaima pamenepo," anatero motsitsa mawu. "Ankasanza."

Ndinkayesa kuti tsopano mmodzi mwa amuna awiriwa achita manyazi m'malo mwa mnzawo. A Chipewa anapukusa mutu mwachisoni.

"Zikanatheka bwinobwino," anatero. "Mukanangochotsa mayiwo, chikwangwani n'kuchisiya."

A Mano anavomereza kuti apo pakanakhala pokambirana.

Achemwali anayamba kuseka. Ankaseka atakanikiza pilo pamimba, misozi ikutsika, akundikodola kuti ndiwagwire chifukwa bala likuwawa. Amuna atatu aja anangoima ndi makapu m'manja. Atatha kuseka anandiuza kuti ndikawalongedzere zovala ndi mankhwala.

"Mukupita kuti, mayi?" anafunsa alamu.

"Kumene mwandiika, bambo. Pa udzu."

Bungwe linawaimitsa alamu tsiku lomwelo, podikira kuti likambirane mlandu wa chikwangwani. Achemwali anadzakhala kwa ine.

Nyumba imene ndimachita lendi ndi ya chipinda chimodzi, pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo windo lake limayang'ana kuseri kumene kumadutsa njanji yopita ku mafakitale. Alamu anabwera patatha masiku angapo, atavala jekete, atanyamula jumbo ya malalanje, opanda kamera. Anakhala pa mpando wokhawo umene ndili nawo, atafulatira windo. Anayamba bwino ndithu. Anati nyumba yazizira, anati agona osadya, anati munthu amalakwa. Achemwali ankamvetsera atakhala pa bedi.

Ali pakati pa mawu, hutala inalira chapatali.

Alamu anasiya kulankhula. Anayesetsa, zimenezo ndiwachitira umboni. Anagwira maondo awo mwamphamvu, khosi litauma gwa, thukuta likutuluka pamphumi. Anayambiranso chiganizo chija n'kuchitayanso. Magalasi a windo anayamba kunjenjemera.

"Pitani, ikudutsani," anatero achemwali.

"Ayi, mayi, ine ndabwerera inu."

"Pitani."

Anadzuka n'kupita pa windo. Anaima pamenepo mpaka bogi yomaliza, milomo ikuyenda, akuwerenga. Atatembenuka anapeza achemwali atagona, atayang'ana kukhoma. Ndinawaperekeza alamu mpaka pa masitepe, iwo akundifunsa ngati eni nyumbayo ali ndi chipinda china chopanda munthu mbali yomweyo.

Achemwali anakhala kwa ine mpaka bala litapola. Kenako anati nyumba ija anamanga nawo ndi ndalama za makatani, sangaisiyire zithunzi. Koma asanabwerere anakalembetsa sukulu yoyendetsa galimoto, ndipo atalandira laisensi anatenga makiyi n'kuwamangirira pa chingwe cha sizasi yawo. Masiku ano galimoto imanyamula makatani kupita kwa makasitomala. Alamu anawabwezera m'bungwe atalemba kalata yopepesa kwa a Mano, ndipo ku njanji amapitabe Loweruka lililonse, pa minibasi, miyendo itatu ija akuilipirira mpando wakewake.