Anabwereka Mkono Wanga

Ndinali ndisanauzepo munthu kuti nanenso ndinapita kukayesedwa ndi opanga kanema. Ngakhale Shahdad, mchimwene wanga amene amanunkhiza chinsinsi chili patali, sankadziwa.

Tinali titangomaliza sukulu pamene uthenga unazungulira pa mafoni m'dera lathu lonse la Lyari. Opanga kanema ankafuna mtsikana wa mtundu wathu wa Asheedi, wakuda ngati ife, woti akasewere ngwazi youluka yopulumutsa mzinda wa Karachi. Kunyumba ndinati ndikupita kwa azakhali, ndinakwera basi. Atandiyesa, anati ndibwerenso mawa lake. Pobwerera miyendo yanga sinkagunda pansi.

Mawa lakelo anandilowetsa m'chipinda cha magalasi. Pampando panali mtsikana woyera ngati ufa wa tirigu, wa tsitsi losalala, maso ali pa foni. Mayi wina anandigwira mkono n'kuuika pafupi ndi tsaya la mtsikanayo.

"Usagwedezeke, mwanawe."

Ankasakaniza zodzola, kupaka patsayapo, kuyang'ana mkono wanga, n'kuwonjezera zakuda. Tsaya litafanana ndi mkono, anamuveka tsitsi lopotana ngati langa. Ine anandipatsa botolo la chakumwa n'kundilozera khomo. Mtsikanayo sanandiyang'ane n'kamodzi komwe.

Ndinadziuza kuti mwina ankangoyesa zinthu. Koma patapita miyezi, zithunzi zinamatidwa m'makoma, ndipo ndinaima pakati pa msewu mpaka ngolo ya bulu inatsala pang'ono kundigunda. Anali yemwe uja. Pansi pake analemba kuti: Mwana wa ku Lyari.

A Lal Bakhsh, amene ankapikisana nawo pa chisankho cha khansala, analumphira nkhaniyo. Analonjeza mabasi otengera dera lonse kukaonera kanemayo, ndipo anapempha Abba, bambo anga, kuti ajambule ngwaziyo pa khoma la bwalo la mpira. Abba anakana malipiro.

Tsiku limenelo ndinawapititsira tiyi kubwaloko. Anthu anali atadzaza, ng'oma zikulira.

"Ndani ankatiwerengera ife?" a Lal Bakhsh ankafuula. "Lero mwana wathu akuuluka. Mukandivotera, tiuluka tonse!"

"Akulu, ndi mwana wa ndani kodi?" anafunsa Shahdad. "Kuno mbuzi ikabereka timadziwa ndi tonde wake yemwe. Uyu yekha alibe ngakhale azakhali?"

Anthu anaseka.

"Makolo ake anasamuka kalekale," anayankha a Lal Bakhsh. "Paja amati: Mwana wa mnzako ngwako yemwe, iwe. Pakamwa ngati wailesi ya m'basi."

Abba sanaseke nawo. Anali atajambula kale thupi lonse, nsalu ikuuluka kumsana, dzina lawo atalilemba pakona. Panatsala nkhope yokha. Anatsika pa makwerero n'kulandira tiyi.

"Granaz, mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "ndinayamba kupenta usanabadwe. Pa malole, pa zikwangwani za makanema, nkhope zoyera zokhazokha. Utoto wakuda ndinkangojambulira tsitsi ndi mfuti. Lero ndijambula nkhope ya kwathu. Ngakhale nditafa mawa, basi."

Maso awo anali atanyowa. Abba sanalire ngakhale pa maliro a amayi.

Anagwada pa zitini zawo n'kuyamba kusakaniza. Ankayang'ana chithunzi pa foni, kupaka pang'ono pakhoma, kupukusa mutu.

"Ukundivuta mtunduwu. Pakhosi wina, pachipumi wina. Foni imanama. Tabwera nawo mkono wakowo."

Anandigwira pomwe paja anandigwira mayi uja. Zala zawo zinali zofunda, zokhakhala. Anadontheza utoto pakhungu langa n'kumwetulira.

"Waona? Ndiwe ndendende."

Ng'oma zinkalirabe. Ndikanatha kukhala chete, monga ndimachitira nthawi zonse, khomalo n'kutha bwinobwino, dzina la Abba lili pakona. Ndinayesa kubweza mkono wanga.

"Usagwedezeke, mwanawe," anatero.

"Abba."

"Hmm?"

"Si wathu ameneyu. Ndi woyera, anachita kumupaka." Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira, moti Shahdad anatembenuka. Burashi ya Abba inaima m'malere, utoto ukudonthera pa phazi lawo. "Sindinapite kwa azakhali tsiku lija. Ndinali komweko, kwa opanga kanemawo. Mtundu mukuufunawo anautenga pa mkono womwe mwagwirawu."