Dayodi Imene Fatsani Adaikana

Fatsani adalakwa pawiri. Sadaike kachipangizo kotchedwa dayodi pabolodi yake ya zamagetsi, ndiponso adayankha munthu wamkulu ali chiimire, chipewa chili kumutu. Kulakwa kwachiwiriku ndiko kudabala koyambako.

Lachinayi masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, iye adali chogwada m'dimba la kuchikamwini kwake, m'mapiri a kum'mawa kwa Madisi, akununkhiza kabokosi kamene adakhomera pansi pa thanki. Munkatuluka fungo la pulasitiki wopserera. Kumbuyo kwake kudali mabedi asanu ndi limodzi a nazale ya fodya, mbande zitagona ngati zathiridwa madzi otentha.

Kuthirira nazaleyo idali ntchito yake monga mkamwini. Koma popeza adaphunzirako zamagetsi, adaona kuti kusenza kheni m'mawa ndi madzulo n'kutaya nthawi. Adajambula bolodi, nawotchererapo kakompyuta kochepa ngati bokosi la machesi. Nthawi ikakwana, kakompyutako kankadzutsa timaswichi totchedwa mathiranzisita, iwo n'kutsegula masolenoidi, zotsekera madzi zoyendera magetsi zimene adamatira kumapaipi. Zidayenda bwino masabata awiri. Kenaka banja lonse lidapita kumaliro ku Ntchisi masiku atatu, ndipo pobwera lidapeza thanki ili yodzaza, mabedi ali gwa.

"Bambo a Memory, tsegulani madziwo," adatero mkazi wake Kezia.

"Sangatuluke. Mathiranzisita apsa, masolenoidi atsekeka."

"Nanga mpopi uli pati?"

"Sindidaike mpopi. Zimayenera kutseguka zokha."

"Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo," adatero Kezia, akutola chidebe. "Malume adanena poyera kuti nazale ikafa, mulonge katundu mubwerere kwanu. Ine ndidzawauza chiyani ana?"

Fatsani adazula bolodi ija, nakwera njinga, napalasa ngati wothawa moto mpaka pa Madisi.

Kumeneko kudali a Vinsenti, mmisiri wokalamba wokonza mawailesi. Mwezi wapitawo iwo adaona chojambula cha Fatsani, namuchenjeza kuti solenoidi ikadulidwa magetsi imaponda chambuyo ngati bulu, ndipo popanda dayodi yolandira chidendenecho, thiranzisita imafa tsiku lina. Fatsani adaseka, nati, "Zimenezo n'za m'nthawi yanu, madala."

Tsopano adalowa m'kanyumba kawo ali wefuwefu.

"Ndithandizeni madayodi awiri ndi mathiranzisita. Mbande zikufa."

A Vinsenti sadadzutse mutu pawailesi imene ankakonza. "Tuluka. Ulowenso."

Fatsani adatuluka. Adavula chipewa, nati, "Odi."

"Lowani. Mpando uwo. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, bambo?"

"Ndaswera. Ndamva kuti kwanuko kudagwa zovuta. Pepani. Malemuwo adadwala nthawi yaitali?"

Fatsani adayankha zonse mwadongosolo, maso ali pawotchi ya pakhoma. Mkuluyo atakhutira, adalandira bolodi ija ndi manja awiri, naitembenuza.

"Kuwotcherera ukudziwa, mwana wanga. Mizere yako ndi yaukhondo. Koma buluyo wakuponda, monga ndidanenera. Thankiyo muli madzi?"

"Yodzaza."

"Mbande zamwa?"

"Ayi. Paipi ndi yotsekeka."

"Mpeni ulibe?"

Mkuluyo adapitiriza:

"Wapalasa maola awiri kudzafuna dayodi, pamene paipi imadulidwa pa kanthawi kochepa? Udaimvera chisoni ntchito ya manja ako kuposa fodya wa eni mudzi. Bolodi isiye pano. Thamanga."

Ulendo wobwerera udali wokwera mapiri. Tcheni chidaguluka kawiri, ndipo pachitunda chomaliza adaitaya njinga m'tchire, nathamanga wapansi. Ankapemphera kuti apeze Kezia yekha.

Adapeza anthu. Pakati pawo padali a Samueli, malume ake a Kezia, mwini mbumba, chikwanje chili m'manja. Paipi idali itadulidwa kale, madzi akukhuthukira m'mgolo, ndipo Kezia ndi amayi ake okalamba ankatunga ndi makheni, nsalu zitanyowa mpaka m'chiuno. Fatsani adagwada patali, chipewa chili m'manja.

"Amisiri afika," adatero a Samueli mosakweza mawu. "Kodi kwanu mkamwini amathirira fodya ali pa Madisi?"

"Ndalakwa, malume. Musandichotse."

"Mkamwini asamakule mwendo. Apongozi ako akusenza kheni iwe ulipo. Tikamba ankhoswe akabwera."

Mabedi awiri adatsitsimuka. Anayi adafa.

Loweruka ankhoswe a mbali zonse adakhala pansi, ndipo Kezia adamupepesera mwamuna wake. Chigamulo chidali chotere: Fatsani sadachotsedwe pamudzi. Adalamulidwa kufesanso mabedi anayiwo yekha, ndi kuthirira onse asanu ndi limodzi ndi kheni, m'mawa ndi madzulo, kufikira tsiku lowokera, popanda womuthandiza. Bolodi idatsala m'kabati ya a Vinsenti, ndipo adauzidwa kuti adzaitenga fodya akalowa m'chigafa, atajambula ina yokhala ndi dayodi ndi mpopi wa pamanja, n'kukaipereka kwa mkuluyo atakhala pansi.